Sshd ikaima kapena ikamadya CPU yonse, musaiphe musanaifunse

Seva ikayamba kulemera, woiyang'anira amatsegula `top`, chida choonetsa mapulogalamu amene akuyenda, n'kupeza dzina la sshd, pulogalamu yolandira anthu olowa mu seva ali kutali, pamwamba penipeni, CPU ili pa 100%. Dzanja limathamangira ku `kill -9`, lamulo lopha mokakamiza process, kutanthauza pulogalamu imene ikuyenda. Process ija imafa, seva imapepuka, aliyense amabwerera ku ntchito yake. Pakapita masiku vuto lomwelo limabweranso, ndipo palibe wodziwa chimene chinaliyambitsa, chifukwa umboni wonse unapitira limodzi ndi process yophedwayo. Ine ndimaona kuti kufulumira kupha kumeneku n'kumene kumachititsa kuti vuto la tsiku limodzi likhale la miyezi. Process imene yasokonezeka ndiyo ikudziwa nkhani yonse, ndipo kuifunsa kumangotenga mphindi zochepa.

Kuti mufunse bwino muyenera kudziwa kaye kuti sshd si chinthu chimodzi. SSH, njira yolowera mu kompyuta yakutali imene imabisa zonse zotumizirana, anaiyambitsa Tatu Ylönen ku Helsinki m'dziko la Finland mu 1995, koma imene ili m'maseva ambiri masiku ano ndi OpenSSH, yopangidwa ndi anthu a OpenBSD, yomwe inatuluka koyamba kumapeto kwa 1999. Kagwiridwe kake ka ntchito kali ngati mlonda wa pageti la kampani: iye sachoka pageti, koma mlendo aliyense akafika amamuitanira munthu wina woti amufunse mafunso ndi kumuperekeza mkati. Mlondayo ndi process yaikulu imene imamvetsera pa port 22. Aliyense akalumikiza, iyo imabala process ina yosamalira munthu ameneyo yekha. Kuyambira mu 2002 ntchito ya process yachiwiriyi inagawidwanso pawiri: mbali ina imakhala ndi mphamvu za root, akaunti yolamulira makina onse, koma silankhula ndi netiweki, mbali ina imalankhula ndi netiweki koma ilibe mphamvu. Choncho munthu mmodzi akalowa mumaona mizere iwiri, wina wolembedwa `sshd: dzina [priv]` wina `sshd: dzina@pts/0`. Mu OpenSSH 9.8, ya mu July 2024, anapitirira apo n'kupanga pulogalamu yapadera yotchedwa `sshd-session`, ndipo mu 10.0 anawonjezera `sshd-auth`. Ngati seva yanu ndi yatsopano, mayina amenewa ndi amene muwaone.

Funso loyamba ndiye n'lakuti, mwa ma process onsewa, wovuta ndi uti? `top` sikuuzani zokwanira. Lembani izi:

`ps -eo pid,ppid,user,stat,pcpu,etime,wchan:24,args | grep ssh`

Mzere umodziwu umakuonetsani kholo la process iliyonse, mwini wake, nthawi imene yakhala ndi moyo, ndi mmene ilili panopa. Mawu a kumapeto ndi ofunika kwambiri. `[listener]` ndi mlonda uja. `[accepted]` kapena `[net]` ndi munthu amene wagogoda koma sanatsimikizidwe. `@pts/` ndi munthu amene ali ndi terminal. `@notty` ndi kulumikiza kopanda terminal, monga scp, sftp, rsync, git, kapena njira imene wina watsegula kuti adutsitsiremo database. Mukangodziwa gulu lake, theka la zifukwa zimene mukanazikayikira zagwa kale.

Musanapite patali, tsimikizani kuti imene mukuionayo ndi sshd yeniyeni. Dzina limene limaoneka mu `ps` process iliyonse ikhoza kudzipatsa yokha. Akuba amene amalowa m'maseva kuti azikumba ndalama za pa intaneti monga Monero amadziwa kuti woyang'anira seva sadabwa akaona sshd, ndiye amatcha pulogalamu yawo dzina lomwelo. Lembani `ls -l /proc/PID/exe`, m'malo mwa PID muike nambala ya process. Yankho loyenera ndi `/usr/sbin/sshd`, kapena `sshd-session` ndi `sshd-auth` za m'foda ya OpenSSH. Ikaloza ku `/tmp`, `/dev/shm` kapena foda yobisika ya munthu wina, vuto lanu si la SSH ayi, mwathyoledwa nyumba. Mawu oti `deleted` kumapeto kwake akhoza kungotanthauza kuti munakweza OpenSSH process ija ili kale ndi moyo, koma akhozanso kutanthauza kuti wakuba anafufuta fayilo atailiza, choncho onani njira yake yonse. Kenako `ss -tnp` ikuonetseni amene process ikulankhula naye. Sshd yoona imalandira alendo pa port yake. Imene ikudziimbira yokha kunja pa port yachilendo popanda munthu wolowa ndi yokayikitsa. Pa Red Hat ndi abale ake `rpm -V openssh-server` imayerekeza mafayilo ndi mmene anabwerera, pa Debian ndi Ubuntu ndi `dpkg --verify`. Dziwani kuti zimenezi sizigwira aliyense: Ebury, pulogalamu ya akuba imene a kampani ya chitetezo ya ESET anaifotokoza mu 2014, inkasiya sshd ili bwinobwino n'kusintha laibulale ya libkeyutils imene sshd imaitenga poyamba ntchito.

Kuzungulira ndi kudikira ndi matenda awiri

Anthu amati "sshd yahang'a" pa zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo mankhwala ake safanana. Chilembo cha pansi pa `STAT` ndicho chimasiyanitsa. `R` ndi process imene ikugwiritsa ntchito CPU kapena ili pamzere woidikira. `S` yagona, ikudikira chinachake, ndipo ma sshd ambiri abwinobwino amakhala chonchi nthawi zonse. `D` ikudikira disiki kapena fayilo ya pa netiweki mkati mwa kernel, mtima wa Linux umene umayendetsa makina, ndipo nthawi zambiri siimva ngakhale `kill -9` mpaka chimene ikudikiracho chitabwera. `Z` inafa kale, ikungodikira kholo lake kuti liichotse pamndandanda. Imeneyi siidya CPU n'komwe, musataye nayo nthawi.

Pali msampha pano umene wasocheretsa anthu ambiri. Pa Linux, nambala ya load average imawerenga ma process a `R` pamodzi ndi a `D`. Seva ikhoza kuonetsa load ya 40 pamene CPU ili phee, chifukwa ma process 40 aima pakhomo la disiki imene sikuyankha. Mukaona load yakwera, yang'anani mzere wa `%Cpu` mu `top`: `us` ndi `sy` zikakwera ndiye kuti ntchito ikugwiridwadi, `wa` ikakwera kapena `id` ikakhala pamwamba ndiye kuti n'kudikira. Pa seva yobwereka ya mumtambo onaninso `st`, imene imasonyeza nthawi imene makina enieni akupereka CPU kwa anzanu ena m'malo mwa inu.

Imene ikuzungulira

Tiyambe ndi imodzi imene yakakamira pa 100%. Chida choyamba ndi `strace -f -tt -p PID`, muli root, kwa masekondi ochepa chabe chifukwa imachedwetsa process imene mukuiyang'anayo. Imakuonetsani chilichonse chimene process ikupempha kwa kernel. Mudzaona chimodzi mwa zinthu zitatu.

Mukhoza kuona `read` ndi `write` zikusinthana, iliyonse ikunyamula ma byte masauzande. Apa palibe chawonongeka. Wina akusamutsa mafayilo, kapena pulogalamu yake ikulavula mawu osatha pa terminal, ndipo sshd ikubisa zonsezo isanazitumize. Kulumikiza kumodzi kumasamalidwa ndi process imodzi pa core imodzi (chigawo chimodzi cha CPU), ndiye rsync yausiku pa netiweki yothamanga ikhoza kudzaza core imeneyo popanda cholakwa chilichonse. 100% mu `top` ndi core imodzi, si makina onse. Pa seva ya ma core 8 ndi gawo laling'ono. Ngati zikusokonezabe, onani ngati wotumizayo wayatsa compression pa mafayilo amene ndi opanikizidwa kale monga zithunzi ndi ma zip, chifukwa pamenepo CPU imangopsa pachabe. Onaninso cipher imene agwirizana: pa CPU zimene zili ndi AES-NI, aes128-gcm kawirikawiri imapepuka kuposa chacha20-poly1305.

Mukhozanso kuona mzere umodzimodzi ukubwerezedwa kambirimbiri pa sekondi: `poll` kapena `select` ikubwerera nthawi yomweyo, kenako `read` ikubweza 0, `EAGAIN` kapena `EIO`, n'kuyambiranso. Uku ndiye kuzungulira kwenikweni. Kernel ikuuza process kuti pakhomo lina pali kanthu, process ikupita kukaona n'kupeza palibe kapena khomolo linatsekedwa, koma m'malo molichotsa pamndandanda ikubwerera kukafunsanso. OpenSSH yakale inkagwiritsa ntchito `select`, kuyambira 8.9 ya mu 2022 ndi `ppoll`, koma maonekedwe a vutoli ndi amodzi. Chofunika ndi nambala yoyamba m'kati mwa `read`. Itengeni mukaione ndi `ls -l /proc/PID/fd`. Ikakhala socket, ndi kulumikiza kwa netiweki kumene kunaduka mosalongosoka. Ikakhala `/dev/ptmx`, ndi terminal imene shell yake inafa kapena inasiya mwana wamoyo akuigwirabe. Ikakhala pipe, funani amene wagwira mbali inayo ndi `lsof`. Apa mwapeza chinthu choti mungachifotokozere amene amakonza OpenSSH ya distro yanu (mtundu wa Linux umene mukugwiritsa ntchito), ndipo kawirikawiri mupeza kuti anachikonza kale m'mtundu watsopano.

Chachitatu n'chakuti strace ikhale chete, osalemba kanthu, CPU ili pa 100%. Zikatero process sikupempha chilichonse kwa kernel, ikuzungulira m'kati mwa code yake kapena ya laibulale ina. Apa strace yafika pamapeto pake. `perf top -p PID` imakuuzani function imene ikudya nthawi ndi fayilo imene ikuchokera, ndipo `gdb -p PID` ndi lamulo la `bt` zimaonetsa njira imene inadutsa kuti ifike pamenepo. Kawirikawiri dzina limene limatuluka si la OpenSSH. Ndi la module ya PAM, laibulale ya LDAP kapena Kerberos (zonsezi zimathandiza kutsimikizira anthu olowa), kapena chinthu china chimene sshd inangochinyamula. Ichi n'chifukwa chake kuyikanso openssh-server, kumene anthu amakonda, nthawi zambiri sikusintha kanthu.

Chenjezo limodzi limene sindifuna kuti mulidumphe: zimene strace imalemba, komanso kope la memory ya process limene mungatenge ndi `gcore`, zikhoza kukhala ndi mapasiwedi a anthu ndi zimene akulemba pa terminal, zosabisidwa. Muzisunge pamene root yekha angawerenge, ndipo musazitumize kwa aliyense musanazisefe.

Zambirimbiri zosakhalitsa

Nthawi zina palibe process imodzi yolakwa. Mu `top` ma sshd akubwera n'kumapita, iliyonse ikudya pang'ono, koma zonse pamodzi zalemetsa seva. Seva iliyonse imene port 22 yake ili poyera pa intaneti imagogodedwa usana ndi usiku ndi makina oyesa mapasiwedi. `journalctl -u ssh` pa Debian ndi Ubuntu, `journalctl -u sshd` pa Red Hat, kapena mafayilo a `/var/log/auth.log` ndi `/var/log/secure`, zidzadzaza ndi `Failed password` ndi `Invalid user`. Aliyense wogogoda amakakamiza seva kuchita masamu ogwirizana kiyi asananene n'komwe dzina lake, ndipo akatumiza pasiwedi seva imaipera ndi njira imene inapangidwa dala kuti ikhale yolemera. Mu 2016 zinapezeka kuti munthu akhoza kutumiza pasiwedi yaitali kwambiri n'kutopetsa nayo CPU, ndiye kuyambira OpenSSH 7.3 pasiwedi yopitirira zilembo 1024 imakanidwa. Njira yakale yogwirizanira kiyi ya Diffie-Hellman ili ndi vuto lofanana, woukira amatumiza zinthu zosamuvuta pamene seva ikuwerengera zolemera, ndipo OpenSSH 10.0 inaizimitsa kumbali ya seva.

Chotchinga chimene chilimo kale ndi `MaxStartups`, imene imabwera ili pa 10:30:100. Tanthauzo lake n'lakuti ogogoda osatsimikizidwa akafika 10, seva imayamba kukana 30 mwa 100 aliwonse atsopano, ndipo kukanako kumakula mpaka akafika 100 imakana onse. Seva siisankha nkhope, imakana ndi inu omwe, ndipo mumalandira uthenga wa `kex_exchange_identification: Connection closed by remote host`. Ambiri akaona uthengawu amati sshd yafa, pamene ili moyo ndipo ikuchita zimene inauzidwa. Kukweza nambalazo kumangolola akubawo kugogoda ambiri. Chothandiza ndi kuzimitsa `PasswordAuthentication` n'kugwiritsa ntchito makiyi okha, kutseka port 22 pa firewall kuti ifikiridwe ndi ma adiresi odziwika kapena kudzera pa VPN, ndi kuyika fail2ban, pulogalamu yotsekereza ma adiresi olephera kulowa mobwerezabwereza. Kuyambira 9.8 OpenSSH ili ndi `PerSourcePenalties`, imene imalanga yokha adiresi yolephera mobwerezabwereza.

Imene yangoima

Kumbali ya kudikira, chofala kwambiri ndi ma session akufa amene seva sikudziwa kuti anafa. Kuno kwathu ichi ndi cha tsiku ndi tsiku: munthu walowa mu seva kudzera pa hotspot ya foni, magetsi azima kapena bandulo yatha, laputopu yatsekedwa popanda kutsanzika. TCP siidziwa kuti mnzake wachoka ngati palibe chimene ikutumiza. Pa Linux kufunsa koyamba kwa keepalive kumachitika patapita masekondi 7200, maola awiri athunthu. Nthawi yonseyo sshd yagwira terminal, port imene munthuyo anaitsegula, mwinanso loko ya apt imene anaisiya pakati. `ClientAliveInterval` imabwera ili pa 0, kutanthauza kuti ndi yozimitsa. Mukaiika pa 60, `ClientAliveCountMax` n'kukhala pa 3 mmene imabwerera, seva imamasula munthu wosayankha pakatha mphindi pafupifupi zitatu. Kwa anthu a netiweki yodukaduka musafupikitse kwambiri, ndipo aphunzitseni tmux, pulogalamu yosunga terminal ili yamoyo pa seva, kuti ntchito yawo isamafe limodzi ndi kulumikiza.

Kwina kuima kumachitika polowa penipeni. `ssh -vvv` kumbali yanu imaonetsa mzere womaliza zinthu zisanaime, ndipo utali wa kudikirako umanena zambiri. Kuchedwa kofanana nthawi zonse, masekondi 5 kapena 10, kawirikawiri ndi DNS, yomasulira mayina ndi ma adiresi a makina, imene sikuyankha. `UseDNS` imabwera ili yozimitsa kuyambira 6.8 mu 2015, koma mafayilo akale a `sshd_config` amayenda nayo kuchoka pa seva ina kupita pa ina, ndipo GSSAPI nayonso imafunsa DNS. Kudikira kwa masekondi pafupifupi 25 pasiwedi italandiridwa kale kumaloza ku pam_systemd imene ikuyembekeza systemd-logind pa D-Bus. Pa Ubuntu, timapulogalamu ta mu `/etc/update-motd.d` timathamanga munthu akamalowa, ndipo kamodzi kakaima onse olowa amaima nako.

Choopsa kwambiri ndi foda ya home imene ili pa NFS, kutanthauza pa disiki ya makina ena yofikiridwa kudzera pa netiweki. Sshd imayenera kuwerenga `authorized_keys` m'foda ya munthuyo isanamulole. Seva ya NFS ikasowa, process imalowa mu `D`. Munthuyo amaona kuti sizikuyenda, amayesanso, process ina imalowa mu `D`, anzake nawonso akuyesa, load ikukwera, `MaxStartups` ikudzaza, mpaka palibe amene angalowe. Ngati muli ndi terminal yotsegula, `cat /proc/PID/stack` idzaonetsa mayina oyamba ndi `nfs` kapena `rpc`. Konzani NFS, ma sshd adzamasuka okha. Pa chifukwa chomwechi, akaunti imodzi ya woyang'anira iyenera kukhala ndi home pa disiki ya seva yomweyo, yosadalira LDAP.

`LoginGraceTime`, masekondi 120, ndi imene imadula munthu amene wagogoda koma osamaliza kulowa. Pa 1 July 2024 a kampani ya chitetezo ya Qualys analengeza vuto la CVE-2024-6387, lotchedwa regreSSHion, limene linali pa nthawi yodulayi: alamu ikalira, sshd inkaitana `syslog` pamalo posayenera, ndipo pa Linux ya glibc woukira woleza mtima akanatha kupeza mphamvu za root. Vutoli linakonzedwa kale mu 2006 koma linabwereranso mu 8.5p1. Malangizo a kanthawi anali oika `LoginGraceTime` pa 0, ndipo kutero kumachititsa kuti wogogoda asadulidwe mpaka kale. Maseva ena anakwezedwa pambuyo pake koma 0 ija inatsala. Mukaona ma `[accepted]` a maola ambiri atadzaza mndandanda, lembani `sshd -T | grep -i logingrace` muone.

Chifukwa chimene ndimalimbikira kuti CPU ya sshd isamanyozedwe ndi zimene zinachitika mu March 2024. Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft amene amagwira ntchito pa PostgreSQL, ankayeza liwiro la zinthu zina pa makina a Debian sid ndipo anaona kuti ma sshd akudya CPU yambiri ngakhale kwa olowa amene akukanidwa nthawi yomweyo. Kulowa kunkachedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Anayang'ana ndi perf n'kupeza kuti nthawiyo ikuthera mu liblzma, laibulale ya xz yopanikiza mafayilo, imene inalibe chifukwa chogwirira ntchito pamenepo. Inkafika mu sshd kudzera mu libsystemd, imene ma distro ena anailumikiza ku OpenSSH yawo. Atafukula anapeza khomo lachinsinsi limene munthu wodzitcha Jia Tan analiika mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1 atakhala zaka akudzipezera chikhulupiriro m'ntchitoyo. Analengeza pa 29 March, lisanafike m'mitundu yokhazikika ya Debian, Ubuntu ndi Red Hat Enterprise Linux. Zida zimene anayambira nazo ndi zomwe zili pa seva yanu.

Mukafuna kuona vuto likuchitika popanda kusokoneza anthu, musakhudze sshd imene ikugwira ntchito. Yatsani ina pambali ndi `/usr/sbin/sshd -ddd -p 2222`. Imalandira munthu mmodzi, imalemba chilichonse pa terminal yanu, ndipo akatuluka imatseka. Lumikizani kwa iyo ndi akaunti imene ikuvutayo ndipo muona pamene ikuima. Mukasintha `sshd_config`, yesani kaye ndi `sshd -t` musanayatsenso, ndipo terminal imene mulimo musaitseke mpaka mutalowa bwino ndi ina. Pa Debian, Ubuntu ndi Red Hat `systemctl restart` imasintha listener yokha n'kusiya amene ali kale mkati, koma `pkill sshd` imapha onse, inu nomwe, ndipo ngati seva ili ku Johannesburg kapena Frankfurt mutsala ndi console ya kampani yobwereketsa basi.

Mukatenga mzere wa `ps`, mndandanda wa `/proc/PID/fd`, masekondi ochepa a strace, zotsatira za perf kapena `bt`, ndi mtundu wa OpenSSH umene uli pa seva, tsopano mukhoza kuipha. Yambani ndi `kill PID` wamba pa process ya munthuyo, osati ya `[listener]`, kuti ipeze mpata wotseka PAM ndi kufufuta dzina lake mu utmp, mndandanda wa anthu amene ali mkati. Ikakana, `kill -9`. Kenako onani ndi `ps` ngati yasiya ana amene kholo lawo tsopano ndi PID 1, chifukwa pulogalamu imene yataya terminal yake n'kumawerengabe pamenepo ikhoza kuyamba kuzungulira payokha, ndipo dzina limene lidzakwere pamwamba pa `top` ulendo uno lidzakhala lake.